Buku Langa la Chilatini Lapsa ndi Milamba

Achimwene,

Muli bwanji ku Beirako? Kuno tonse tili moyo, koma ine mtima suli m'malo.

Lachiwiri bwato linapendekeka kudambo, buku la Chilatini munandisiyira lija n'kugwera m'madzi. Amayi, pondimvera chisoni, analiyanika pawaya wowambira milamba, moto uli pansi. Masamba amene apsa ndi a gerundivum, aja ophunzitsa kanenedwe ka zinthu zoyenera kuchitidwa. Chitsanzo chimene ndikukumbukira n'chimodzi chokha: liber legendus est, buku liyenera kuwerengedwa. Nanga ndiwerenga phulusa? Mayeso kuseminale ndi sabata yamawa, ndipo abambo akuti ndikalephera ndibwerere ku ukonde.

Chonde kajambuleni masamba omwewo m'buku la mnzanu wansembe uja, munditumizire pafoni. Amayi musawadzudzule. Chipsereni bukulo sakudya n'komwe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Zuze