Ndalama za ku Joni Sizitsikiranso pa Mangochi

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Lungwena tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana amene munamusiya ali m'mimba mwanga anabadwa Lachinayi, patapita sabata ziwiri chichitireni sadaka yanu. Ndi wamkazi, tinamutcha Amina, dzina lanu. Akalira, bambo ake amaseka n'kunena kuti mwabweranso kudzatilamula. Munda umene anatibwereka uja unatipatsa matumba anayi a chimanga, koma limodzi anankafumbwe alowamo kale. Usipa chaka chino wavuta.

Lachisanu lapitali kunafika munthu wochokera ku Joni, mnzawo wa achimwene Twaibu kumgodi. Anabweretsa bulangete ndi uthenga. Paja achimwene anakalembetsa ntchito ku Maputo, ndiye gawo la malipiro awo limadulidwa n'kutumizidwa ku Mozambiki. Sangalilandire kwina kulikonse, ayenera kukaima okha kumeneko. Ntchito ikutha mu Juni. Akuti akalandira adzagula malata, akamange pabwinja pathu ku Mandimba, kwathu ku Mozambiki, poti nkhondo yatha. Akufuna adzandipeze ndili kale kumeneko. Akuti ndikwere malole amene akubweza othawa nkhondo.

Chichokereni munthuyo ndakhala ndikuganiza za ndalama za ku Joni. Nthawi ya abambo, amuna a kwathu ankawoloka malire kudzalembetsa kuno ngati Amalawi, ndipo ndalama zawo zinkatsikira pa boma la Mangochi. Ndikukumbukira mukundigwira dzanja, kudutsa Chiponde, kudutsa Namwera, kutsetsereka phiri lija mpaka kumlatho. Mukalandira munkagula nsalu, mchere, sopo ndi palafini konkuno. Kwathu tinkafika ndi mtolo pamutu, m'kansalu ka m'chiuno mulibe kanthu. Munkati, "Abambo ako akukumba ku Joni, wonenepa ndi mwini sitolo wa ku Mangochi."

Tsopano zatembenuka, Amayi. Chilekereni kutenga Amalawi kumigodi, mzere wa amayi odikira ndalama uja kulibenso. Nyumba za malata muno m'mudzi ndi zakale zokhazokha, malata ake achita dzimbiri. Amuna amene ankabwera ndi njinga ndi wayilesi lero akukoka makoka a eni ake kunyanja. Koma ku Mozambiki, dziko limene linapsa chonchija, akuti a kumigodi akufikabe ndi masutikesi, ndipo ndalama zawo zikudyedwa komweko. Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, sindingadziwe dziko limene lapindula kuposa linzake. Chimene ndaona n'chakuti ndalama zimenezi zimakoka anthu. Za abambo zinatiphunzitsa njira ya kuno, ndipo ndi njira yomweyo imene tinathawira. Za achimwene zikutiitana kuti tibwerere.

Kwathu ndimakufuna, sindikubisirani. Ndimafuna mango a kuseri kwa nyumba aja, ndi chitsime chimene munkachapira. Bambo a Amina ndi a konkuno, koma akuti kumene ndinganene anditsatira. Anzathu amene tinathawa nawo ambiri akwera kale, ndipo zisakasa zawo zagwa.

Koma inu muli kuno. Ine mkazi kumanda sindilowa, komabe njira ya kumunda imadutsa pambali pake. Ndikafika pa mtengo wa bwemba paja ndimayenda pang'onopang'ono, n'kukupatsani salamu chapansipansi. Ku Mandimba ndikapereka salamu kwa yani? Abambo anaikidwa ku Joni, ndipo palibe mmodzi wa ife anaonapo manda awo. Munkati mukawakumbukira simudziwa koyang'ana. Sindikufuna kuti nanenso ndidzasowe koyang'ana.

Ndiye munthu uja ndinamuyankha kuti akauze achimwene amange ndithu. Nyumba ikadzatha ndidzapita kukazira pansi ndi kuwaphikira sabata imodzi, koma kukhala ndikhala kuno. Ndikudziwa kuti akwiya. Adzanena kuti anapirira fumbi la pansi pa nthaka kuti atibwezere kwathu, ndipo sadzakhala akunama. Mundipempherere kuti mtima wawo udzafewe.

Lole yomaliza ya mwezi uno inyamuka Lolemba. Ine tsiku limenelo ndidzakhala ndikupita kumunda, ndipo mudzandimva ndikudutsa. Sindikusiyani nokha m'dziko la eni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu