Mkungudza wanu ndinaudula

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku komboni ya George tilipo. Mlongo wanga Esnati anachira mwana wamkazi mu Juni. Mphuno ndi yanu yomwe ija, koma tamukhululukira. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinatipatsa mondokwa wa masiku awiri, chotsala anakolola ndi odutsa m'njira.

Ndikuzungulira ngati minibasi yosadzaza chifukwa nkhani ndi ya mtengo wanu wa pakhomo. Munkati ndi mkungudza, mbewu yake anabwera nayo bambo anu kuchokera ku Mulanje. Mukukumbukira nditangobwera kuchokera ku koleji, ndinakutsutsani pamaso pa azimayi a kutchalitchi, atakhala pamthunzi wake womwewo. Ndinati uwu ndi saipuresi wamba wa m'mipanda ya ku Chilenje. Mkungudza weniweni, ndinatero, umamera pamwamba pa phiri, pozizira, umamwa nkhungu, ndipo umakwiririra mibadwo ya anthu usanaleke kukula. Inu munangoti, “Ophunzira, sendezani mpando, mukutchinga mphepo.”

Mutatisiya, mawu angawo anayamba kundiluma. Ndinati ndikonze. Ndinatuma msuweni wa ku Mulanje, nanditumizira mbande yeniyeni pa basi, m'chitini. Pabwalo pathu mukupadziwa, mitengo iwiri singakwane. Amayi, wanuwo ndinaudula.

Weniweniyo ndinkamuthirira madzi ogula pa kiyosiki, ndikumufunditsa saka yonyowa ngati wodwala malungo. Dzuwa la Okutobala litafika anafiira, milungu itatu wauma. Wanu wabodza uja anakhala zaka zonsezi pa madzi otsukira mbale, osadandaula. Chitsa chake sichiphukanso. Zimenezonso anatiphunzitsa ku koleji, koma ndinazikumbukira nkhwangwa itamaliza ntchito.

Tsopano Esnati amayamwitsa mwana atatsamira khoma la Ba Tembo oyandikana nafe, kusaka kamthunzi. Anzanu a kutchalitchi anabwera kudzaona khanda, nayima padzuwa, aliyense maso pa chitsa. Palibe anandifunsa kanthu. Bola akanandilalatira.

Dzulo ndagula kasaipuresi wamba kwa ogulitsa maluwa a m'mbali mwa msewu. Kakulekeza m'bondo. Mthunzi wake mwina ine sindidzaukhalira, koma ndikulonjeza kukathirira m'mawa uliwonse, ndipo mbale ndizitsuka ndekha kuti madziwo asasowe.

Ndine mwana wanu wokukondani, wophunzira uja,
Gilibati