Chiwindi cha Lachisanu la Lenti

Lachisanu, sabata yachiwiri ya Lenti, kuno ku Kimara, kwa eni olankhula Chiswahili. Kunja kwatentha, mtima wanganso chimodzimodzi.

Bambo a Tadala abwera ndi chiwindi kuchokera kuntchito kophera ng'ombe ku Vingunguti. Ndachisungira Lamlungu, poti ife Akatolika sitidya nyama Lachisanu la Lenti. Ndaphika dagaa, usipa wa kuno. Posakhalitsa atulukira alamu anga, mlongo wawo wa bambowa, a tchalitchi cha Pentekoste chija chosokosa ndi masipika.

Asuzumira mupoto n'kuseka. "Alamu, kusala kwake n'kumeneku? Kusiya nyama n'kukhuta dagaa? Ife mu Januwale timauma masabata atatu, dzuwa lisanalowe ngakhale madzi osalawa."

Ndangoti, "Sawa, alamu." Akuyesa sindinawaone mu Januwale muja, dzuwa lili paliwombo, atabisala kuseri kwa kibanda chogulitsira zakudya pa stendi ya mabasi, akumeza chipsi mayai, tchipisi cha mazira chija, mafuta ali chuchuchu m'zala. Kuuma kwake kumeneko! Madzulo ake anafika kwathu akudzandira, mawu atazilala, kuti tiwamvere chisoni.

Lero atsegula okha filiji n'kukazinga chiwindi chija, ati kwa Mulungu masiku onse ndi amodzi. Atafuna pamaso panga, kenako amupatsirako Tadala. Mwana wayamba wandiyang'ana, n'kulandira.

Atachoka, Tadala wandifunsa m'Chiswahili, poti Chichewa chimamulemera, ngati Lamlungu angapite kutchalitchi kwa shangazi wake, ndiye kuti azakhali akewo. Ine zaka zonsezi kumukokera ku katekisimu, iwo kanthuli kamodzi basi, ka chiwindi changa chomwe...