Phwiti Sankayeseza Sewero

Achemwali anga okondedwa,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko, inu ndi alamu? Nanga mwendo uja ukukuvutitsanibe mukaima nthawi yaitali kuntchito? Kuno ine ndi mlamu wanu tili bwino. Mwana wanu Phwiti ndiye sali bwino, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Pafoni mumandipupulumitsa, ine n'kumangoti zonse zili bwino.

Mtima m'malo, ali moyo ndipo sanavulale. Ali m'chipatala, ku wodi ya matenda a maganizo. Akudya, komanso wayamba kupeza tulo.

Mukudziwa kuti chaka chino ndikuphunzitsa kalasi yake. Tikuwerenga buku lakale la mnyamata amene maganizo amamusokonekera pang'onopang'ono, abale ake osazindikira. Ndaliphunzitsa zaka zambiri. Ahedi anati tilisandutse sewero la potsekera sukulu, ndipo ine ndinasankha Phwiti kuti akhale mnyamatayo. Anali atayamba kudzipatula, ndiye ndinkati sewero limuchotsa manyazi.

Anachita bwino modabwitsa. Anzake ankangolakatula mawu ngati akuwerenga nyuzi. Iye ankaima duu, maso pakhoma, n'kumalankhula chapansipansi, holo yonse zii. Ndinkauza enawo kuti azionera kwa iye. Ndinanyada, achemwali. Mu ofesi ya aphunzitsi ndinkachita kunena kuti mwanayu watengera amalume ake.

Kunyumba ndinkamumva akulankhula yekha kuchipinda, akuyankha ngati muli munthu wina. Ndinkati akuyeseza. Tsiku lina ndinaima pachitseko n'kumuuza kuti akweze mawu, chifukwa okhala kumbuyo sadzamva. Anakwezadi.

Atasiya kusamba ndi kupesa, mlamu wanu anadandaula kuti malaya ake ayamba kununkha ngati chiguduli chokolopera. Ine ndinati amusiye, akufuna afanane ndi munthu wa m'seweroyo, ndi mmene akatswiri amachitira. Iye anati ngati ukatswiri wake ndi umenewo, katswiri wangayo azidyera panja. Tinaseka. Ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimasowa poyang'ana.

Zinaululika masana ena tikuyeseza komaliza. Pali gawo limene mnyamata uja amabisala pansi pa tebulo, mayi ake n'kumamunyengerera kuti atuluke. Phwiti analowa pansipo, koma anayamba kunena zomwe sizili m'sewero. Anauza mtsikana amene ankakhala ngati mayiyo kuti atseke mawindo, chifukwa kuli anthu akumvetsera ndipo akumutchula dzina. Mtsikanayo anayang'ana kwa ine. Ine ndinaomba m'manja, n'kumudzudzula Phwiti pamaso pa anzake kuti asamaonjezere zake.

Ana onse atamwazikana, iye anatsala pansi pa tebulo pomwepo. Ndinamuuza kuti tatha, tizipita. Anandigwira thalauza. Anandifunsa kuti ngati sewero latha, nanga bwanji anthu aja sakusiya kulankhula.

Ndinagwada pansi, achemwali. Sindikumbuka zimene ndinamuyankha.

Kuchipatala adokotala anandifunsa za tulo, za kudya, za kusamba, za anzake, ndiponso ngati amalankhula yekha. Ndinayankha funso lililonse mosadodoma. Zonse ndinaziona. Zizindikiro zomwezo ndimazilemba pabolodi chaka ndi chaka kuti ana akakhoze mayeso, koma zitalowa m'nyumba mwanga ndinaziombera m'manja. Adokotala akuti matendawa anayamba kale, sewerolo linangowaphimba. Akutinso amachizika, ndipo ambiri amabwerera kusukulu akamamwa mankhwala mosadumphitsa. Ndikuwakhulupirira, koma manyazi sakundichoka. Munandisiyira mwana ponena kuti ine ndi amene ndinaphunzira.

Tsopano nali pempho langa. Phwiti anandichonderera kuti ndisakuuzeni. Akuti inu mukuvutika kutali chifukwa cha sukulu yake, ndipo iye wakuchititsani manyazi. Akuti mudzati wayamba chamba, alamu adzati ndi ulesi chabe wothawira mayeso. Za chambazo amuyeza, palibe chimene apeza. Ndinamuuza kuti china chilichonse ndingamuchitire, koma kubisira mayi ake ayi. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo sanandilankhulenso.

Bwerani, achemwali. Pemphani tchuthi kwa abwana anu. Ine ndimamuyendera tsiku lililonse ndikaweruka, koma chitseko cha wodi chikatseguka amadzutsa mutu, akaona kuti ndine n'kuugonekanso.

Mukafika musamufunse kuti watani, chifukwa iyenso sakudziwa. Za mayeso musazitchule. Mukamuona akuseka musafulumire kunena kuti wachira, asiye mankhwala. Ndikukudziwani, mukachita mantha mumakalipa, ngati muja munkandikalipira ndikachedwa kubwera kuchokera kosewera. Ngati mkwiyo ukubwera, ine ndilipo. Mudzandikalipire pakhonde la chipatala mpaka mutatopa, sindidzayankha. Koma kwa iye mudzalowe mtima utaphwa.

Dzulo anandifunsa ngati ndalemba kale. Ndinati ndilemba lero. Anayamba kukanda bulangeti ndi chala. Kenako anati ndikuuzeni kuti bedi lake ndi lomalizira, la pakona. Akuti amumeta ndipo waonda, akuopa kuti mungamupitirire.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwafotokozere nokha mwa njira imene mukuona kuti angamve. Mlamu wanu akupereka moni, wakonza kale pogona panu. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Mphunzitsi