Ndinagona pa Machira Ansungwi Ndili Wamoyo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno kwa Ndamera tilipo. Mapira achita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zadyako gawo lawo monga mwa nthawi zonse. Thonje ndi limene latikhumudwitsa, linagwidwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri, koma mwano sinasiye, ikulowabe m'khitchini ngati mwini nyumba. Nkhani yaikulu ndi yakuti ndayambana ndi amalume, alongo anu aTchale. Ndikufuna muimve kuchokera kwa ine, chifukwa kupepesa kokha sindipepesa.

Tsiku limene munatisiya, inu simunaone zambiri, munali mutatseka maso. Ine ndinaona zonse. Tinakugonekani m'ngolo yachitsulo ija yokokedwa ndi njinga, imene pamudzi pano amaitcha ambulansi. Titafika pamlambe paja, matayala anatitimira m'matope a makande. Amuna anayi anakoka, anakankha, ngolo osasuntha. Kunyumba tinanyamuka dzuwa litangotuluka, kuchipatala tinafika litapendeka. Namwino anangokugwirani pamkono n'kuyang'ana pansi. Anthu amati inali nthawi yanu. Ine ndimati chinali chitsulo, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya.

Maliro atatha ndinabwerera kuntchito ku Blantyre, kuja mumati timalipidwa chifukwa chothyola zinthu. Simunkanama kwenikweni, timafufuza zipangizo zopepuka koma zolimba, ndipo kuti tidziwe kulimba kwake timazipanikiza pamakina mpaka zithyoke. Anzanga ena akupanga miyendo yoikirira yoti munthu asamatope nayo, ena mafelemu opepuka oikapo sola. Ine ndinasankha machira onyamulira odwala. Ndinatenga nsungwi zokhwima, kuzinyika m'mankhwala kuti zisafumbwe, n'kumanga polumikizira ndi ulusi wa khonje wonyikidwa m'guluu. Ndinathyola nsungwi zosawerengeka zaka ziwiri. Pomaliza ndinapeza machira oyenda pa matayala awiri a njinga. Pamatope umangosolola matayalawo, anthu awiri n'kunyamula wodwala, ngakhale atakhala amayi okhaokha.

Ndinabwera nawo kuno mvula itayamba, chifukwa Esinati, mkazi wa mchimwene wanga Lakisoni, anali wotopa, masiku ake atayandikira. Ndinkayembekeza nthungululu, Amayi. Amalume anawanyamula ndi dzanja limodzi, monga munkachitira inu pogula poto. Paja munkati, "Poto ndimagula ndi dzanja, ikapepuka ndimaisiya." Anawaika pansi msangamsanga n'kupukuta dzanja pathalauzi. Anati, "Nkhabe, ayi ndithu! Ichi ndi chithatha. Pansungwi timanyamulirapo mtembo popita kumanda. Ukufuna kumuitanira imfa mwana wa eni ake?"

Apa pokha ndikuvomera kuti ndinaphonya. Zaka ziwiri ndikuyeza kulimba kwa nsungwi, sindinakumbukire ngakhale kamodzi kuti kwathu kuno munthu wogona chagada pansungwi atanyamulidwa ndi anzake amakhala kuti wapita. Machira anga anakawakankhira kuseri kwa khola. Azimayi a m'mudzi popita kudimba ankawalambalala, ndipo mayi ake a Esinati ananenetsa kuti mwana wawo adzakwera chitsulo basi.

Anzanga a kuntchito, nditawaimbira foni, anati ndingopaka penti yakuda kuti nsungwi zioneke ngati chitsulo. Ndinakana. Ndinamize abale anga chifukwa chiyani? Chitsulo ndi chimene chinakuchedwetsani, ndiye ndichipatsenso ulemu?

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinavala chitenje chanu chobiriwira chija, n'kugona chagada pamachirapo. Anzanga awiri a m'kwaya, Mere ndi Agi, anandinyamula kudutsa pakati pa msika. Ndinkapereka moni kwa aliyense, wina ndi wina pomutchula dzina. Pamalo ogulitsira nsomba ndinawaimitsa, ndinagula mlamba wowamba ndili chigonere, ndipo ndinanenerera mtengo monga munandiphunzitsira. Ena anaseka mpaka kugwira nthiti, ena anathawa, mayi wina analavula pansi. Ndinamva wina akuti, "Mwana wa malemu uja sukulu yamuzunguza mutu." Koma ine sindinatsike.

Amalume anati ndachititsa manyazi mtundu wonse, ndipo ndadziitanira imfa ndekha. Mlungu wonse anthu ankabwera m'mawa kudzandidzutsa, ena amene sanapondepo pakhomo pathu chichitikire maliro anu. Ndinkadziwa chimene ankafuna kuona. Ankandipeza ndikusesa, ndilibe ngakhale chimfine.

Matenda a Esinati anayamba m'mawa, mvula itagwa masiku awiri osalekeza. Amalume analamula kuti abweretse ngolo yachitsulo. Ine ndinaima pakhomo, ndinati mlamu wanga sakwera chimenecho ine ndili moyo. Tikukokanakokana choncho, Esinati mwini wake anayankhula ali pamphasa. Anati, "Alamu, bweretsani chanu chija. Inu munagonapo, si inu muli apa mukulongolola?"

Pamlambe paja matope anali ofika m'mawondo, monga tsiku lija. Tinasolola matayala, Lakisoni kutsogolo, ine kumbuyo, Mere atasenza matayalawo pamutu. Tinadutsa, Amayi. Ndinadutsa ndikulira, mwina ndi chimwemwe mwina ndi ukali, chifukwa ndinaona kuti malo amene anakutengani ndi aafupi, munthu angathe kuponya mwala kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo.

Kuchipatala anati mwana anakhala mopingasa, ndipo tikanachedwa zikanavuta. Wabadwa wamkazi, wamphuno ngati yanu, wolira mokweza. Tamutcha Dorofi, dzina lanu.

Amalume sakundiyankhulabe. Akuti ndikagwade ndipepese pamaso pa abale chifukwa chosewera ndi maliro. Ndikudziwa kuti inunso mukanandikoka khutu, paja munkati, "Iwe Fanesi, mutu wakowu tidzaswera mtedza." Ulemu ndimawapatsa, madzi osamba m'manja ndimawagwadira, ndiwo ndimawapatulira. Koma sindingapepese chifukwa cha machira amene abweretsa mdzukulu wanu wamoyo. Ayembekeze, atopa okha.

Ndadula kale nsungwi zina, zikuuma pakhonde, poyera, pomwe aliyense wodutsa akuziona. A kwa Tengani atumiza uthenga kuti akufuna awo, ndipo nawonso sindiwapakira penti. Ndimakusowani tsiku lililonse, Amayi, makamaka mvula ikagwa. Ndikukulonjezani chinthu chimodzi: ine ndili moyo, pamlambe paja sipadzatitimiranso mayi wa munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani, wouma mutu uja,
Fanesi