Ulusi Wobiriwira mu Fani

Lolemba, 10 Febuluwale

Kompyuta ya amuna anga a Hamza yakana kudzuka. Akaiyatsa ikungolira pii, pii, kagetsi kofiira kakuphethira, sikirini ili bii. Ndipo kanema yense wa ukwati wathu ali mmenemo. Dzulo anaisiya ikulumikiza kanemayo popita ku Pinetown kukathokoza abale. Pobwera tinapeza itazima.

Makhadi a kamera anzawo a Ashraf anafufuta kale, anajambulira ukwati wina. Azakhali a Shamila akukwera basi Loweruka kubwerera ku Mangochi, ndipo ndi iwo oyenera kutengera ababa kanemayo pa fulashi. Ababa chigwireni sitiroko sayenda, mkamwini wawo sanamuonepo. Pa foni anangoti, "Ndimuone munthu wakutengayo, mmene amakhalira pamaso pa akuluakulu."

Ine mtima uli m'mwamba. H. anangokoka mpando n'kumawerenga kulirako ndi zala ngati akuwerenga mikanda ya tasibihi popemphera. Akuti chimakina chikamalira chimakhala chikunena pomwe pakupweteka.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Chikompyutachi n'chakalekale, cholemera ngati thumba la simenti. H. anachigula ku ofesi ina ya ojambula mapulani a nyumba imene inkatseka. Ndawafunsa bwanji osangochotsa disiki n'kuika mu kompyuta ina. Akuti madisiki ake ndi awiri omangidwa pamodzi, kwina sangawerengeke. Ndavomera ndi mutu ngati ndamva.

Ayang'ana pa foni tanthauzo la kulira kuja, akuti vuto lili pa ramu, timapulanga tobiriwira tokumbukira zinthu. Ayala nyuzipepala pa tebulo, atsegula chammbali, tizitsulo tomangira aika m'sosala yanga yatsopano. Kenako kuchotsa kamodzi, kupukuta mano ake ndi labala ya pensulo, kubwezera, kuyatsa, kumvetsera. Kena chimodzimodzi. Ndi kutentha kwa ku Sydenham kuno thukuta kamukamu, koma osatukwana, osamenya tebulo. Achimwene anga akanachiponya kale pa windo.

Azakhali amabwera pakhomo ndi tiyi, "Kaya odwala aja ali bwanji?" H. amaimirira nthawi zonse, kulandira kapu ndi manja awiri.

Madzulo kamodzi kapezeka kakufa. Atakachotsa sikirini yawala! Ndinaliza nthungululu, koma ndinafulumira. Patuluka mawu oyera akuti fani yakumbuyo yoziziritsa kompyuta sikuoneka, dinani F1. Adina, yalowa, ndaonako nkhope yanga nditavala zoyera, kenako phethi, yazimanso.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Lero ndaona chinthu.

H. amasula fani ija. Siimazungulira ngakhale ndi chala. Atenga kopanira nsidze kanga n'kuyamba kusolola china chake pakati pake. Ulusi wobiriwira, wautali, wokulungana. Kumapeto kwake kachidutswa ka nsalu kokhala ndi kadontho kachikasu.

Chitenje cha azakhali. Chobiriwira cha madontho achikasu, chothetheka m'mphepete chija.

Pompo ndakumbuka. Lamulungu azakhali anatsala okha pakhomo, anasesa nyumba yonse. Pobwera TV inali yofundidwa, wailesi yofundidwa, ngakhale ketulo. Kwathu ndi mmene timachitira, chinthu cha mtengo sichikhala pa fumbi. Kompyuta anaifunditsanso ili mkati mogwira ntchito, masana onse, fani n'kumeza ulusi. Chitenjecho anachichotsa okha pofuna kuchapa, ndinachiona pa chingwe.

Ndatsegula pakamwa, ndinali nditapsa mtima zedi. H. andiyang'ana, apukusa mutu pang'ono, ulusi uja aupinda n'kuika m'thumba la malaya. Nthawi yomweyo azakhali atulukira, "Mwapeza chavuta, bambo?" Iwo, "Fani yatopa, azakhali. Ndi yakale."

Atachoka ndanong'ona kuti ayenera kudziwa. H. akuti, "Ayenda ulendo wonsewu kudzatikwatitsa. Akwere basi ndi mtima woti anaononga kanema wa achimwene awo?"

Munthuyu ndamudziwa miyezi yochepa chabe, zambiri pa foni. Sindinkadziwa kuti ali chonchi.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ku Springfield kukasaka fani. Mu takisi sitinayankhulane Chichewa kuopa kudziwika kuti ndife alendo m'dziko muno, H. amangoti "yebo, sharp" kwa dalaivala, ine maso pa windo. Mashopu awiri atiseka, akuti zimenezo n'za makedzana. Wachitatu watilozera kwa a Jones, mdala wogulitsa makompyuta akufa kuseri kwa malo okonzera magalimoto. H. anagwada pa mulu wa zitsulo mpaka anapeza inzake yeniyeni, ya mawaya anayi. Akuti ya mawaya atatu ikanazungulira, koma kompyuta ikanapitiriza kudandaula kuti sikuiona.

Kunyumba amanga, apukuta fumbi lonse ndi kabulashi, ayatsa. Pii kamodzi kokha, kaulemu. Palibe F1. Ndaika dzanja kumbuyo ndamva kamphepo. Eish, misozi inalengeza.

Koma ramu yachepa, ndiye kulumikiza kanema kutenga tsiku lathunthu. Ayamba mawa m'mawa. Mawa ndi Ijumaa, H. apita ku mzikiti, ine ndili ndi shifiti ku shopu ya nsalu. Azakhali atsalanso okha ndi chitenje chawo. Ndati tikiye chipinda. H. akuti mlendo sakiyiridwa chitseko.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Mmene anachitira!

Atamwa tiyi aitana azakhali, awapatsa mpando pafupi ndi kompyuta. "Azakhali, ndikusiyirani wodwala. Thupi limatentha msanga. Mwana akatentha thupi mumatani?" Azakhali, "Timamuvula, kumuika pa mphepo." "Basi ndi yemweyu. Asafundidwe kalikonse, windo likhale lotsegula. A Farhana ndi aukhondo kwambiri, ndikuopa angamufunditse."

Ine! Ndinangoluma mlomo.

Azakhali anawayang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anati, "Pitani, bambo. Pano safika munthu."

Pobwera ku ntchito ndawapeza ali pomwepo, akuipepesera mphepo ndi chivindikiro cha poto. Andikalipira ndisanavule n'komwe nsapato, "Iwe usayandikire ndi tinsalu tako!" Ndati chabwino azakhali.

Isanakwane swala ya magharibi, ya dzuwa litalowa, kamzere ka pa sikirini kosonyeza pamene ntchito yafika kafika kumapeto. Taonera tonse atatu. Pali pamene H. akugwada kupereka moni kwa amalume, maso pansi. Azakhali anati abwezereni pamenepo, achimwene akaone bwino. H. akopera m'mafulashi awiri, ina azakhali amanga pa mfundo ya mpango.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ku siteshoni. H. anapita kukakweza zikwama, ife tinatsala pa benchi. Azakhali avala chitenje chobiriwira chija, ndipo ndinaona kuti m'mphepete mwasokedwa mwatsopano, ndi ulusi wakuda.

Anagwira pamene pasokedwapo osandiyang'ana. "Lachitatu ndinachipeza choperewera apa. Ndipo malaya a amuna ako ndinachapa ndine, m'thumba ndinapisamo."

Ndinayang'ana msoko wakudawo.

"Usawauze kuti ndikudziwa. Anavutikira kuti ndisadziwe, asiye choncho." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Kanemayu achimwene akaonera, inshaAllah. Koma za mkamwini ndikawauza ndekha, zimenezo mu fulashi mulibe."

H. anabwera akuthamanga ndi botolo la madzi ozizira, akuti azakhali angamve ludzu pa njira. Analandira ndi manja awiri.