Mchere wa Bambo

Loweruka, 4 Meyi

Yafika. Thanki yanga yagalasi, yaitali kuposa sofa. Amuna oinyamula thukuta kamukamu, mmodzi akutukwana masitepe. Ine pambuyo ngati nkhuku ya anapiye: pang'onopang'ono, kona iyo, samalani chitseko! Sinakalike ngakhale pamodzi.

Sofa ndaikankhira kuzenera. Kabati ya mbale yapita pakhonde, nayonso ikaoneko dziko.

Alamu, akazi a achimwene, anaima pakhomo, manja m'chiuno. Akuti, "Koma mlamu, anzanu akugula magalimoto, inu mwagula bafa loonekera m'kati." Ndaseka nawo. Asekeretu. Zaka zonsezi ndikulongera anthu mapiritsi ku famase kuja, ichi ndiye changachanga, cha thukuta langa. Nyanja ya mchere pabalaza panga, ya makorali enieni, amoyo, maluwa a pansi pa nyanja.

Bambo sanatuluke. Chibwerereni kuchipatala ndi sitiroko ija, dziko lawo ndi bedi, zenera ndi kabelu koitanira. Ngelengele, madzi. Ngelengele, pilo. A mafizo, owaphunzitsa kuyenda, akuti mwendo mphamvu uli nazo, chatsala ndi mtima wa mwini wake. Ndodo ili kuseri kwa chitseko, yatuwa ndi fumbi.

Achimwene abwerezanso zija. Bambo akapanda kuyamba kuyenda pofika pakati pa Julayi, akawasiya kunyumba yosamalira okalamba. Malo anapeza kale. Akuti ine ndimaswera kuntchito, mayi wothandiza amaweruka masana, tsiku lina tidzawapeza ali pansi. Sakunama, n'chifukwa chake zikundiwawa.

Thanki ndaiika mwadala. Bambo ali pabedi, chitseko chikakhala chotsegula, amaona kona imodzi yokha. Akafuna yonse, adzuke.

Lachiwiri, 7 Meyi

Msana wanga ine! Mchenga, miyala, ndowa pa ndowa. Madzi osefa okhaokha, a pampopi ayi. Mchere wake si wa kukhitchini, ndi wa m'chidebe chake chachikulu. Mtengo sindilemba muno, ndingadzadzitukwane ndikakalamba.

Miyala ndayala, ndaphwasula, ndayalanso. Tsopano pali phanga, pali kamlatho. Nditayatsa mapampu madzi anayamba kuzungulira, magetsi a buluu a pathankiyo n'kungoti waa khoma lonse. Ndinakhala pansi n'kudziombera m'manja ndekha. Wina andiombere ndani?

Mkulu wa ku shopu ya nsomba, amene mumtima ndimamutcha Chindevu, wandipatsa lamulo lalikulu. Kumata tepi pagalasi, pomwe madzi alekeza. Akatsika, kuthira madzi osefa opanda mchere mpaka afike patepi. Chimauluka ndi madzi, mchere umatsala momwemo. Ndamata, yowongoka bwino.

Ndili mwana Bambo ankaphika m'sitima za panyanja. Akabwera kutchuthi, nkhani inali ya munda wa pansi pa madzi umene ankauona sitima ikaima kumalo otentha. Maluwa opuma, nsomba zopaka utoto. Ankafotokoza ali pachitofu, kachala kakang'ono m'msuzi, kenako pakamwa. Munthu amene uja sankakhulupirira chilichonse asanachilawe.

Lero ndawauza kuti munda uja ndikuubweretsa m'nyumba. Maso kudenga. Akuti, "Tseka chitseko, magetsi akowo akundithobwa."

Ndatseka, koma osati chonse.

Lamlungu, 19 Meyi

Kudikira. Thanki yodzaza madzi ndi miyala, nsomba mulibe. Akuti mpaka tizilombo tosaoneka ndi maso, todya zonyansa, tiswane m'miyalamo. Chakudya chake kachidutswa ka nsomba yaiwisi, kavunde m'madzimo. Ndaponyamo.

Alamu abwera ndi anzawo a kutchalitchi kudzaona. Ayang'ana, ayang'ananso. Wina akuti, "Kodi zabisala?" Alamu akuti, "Ayi, mlamu wanga akuweta miyala." Kuseka mpaka misozi. Ndawathirira tiyi mwaulemu wonse. Tsiku lawo likubwera.

Chabwino cha lero ndi ichi. Kabelu kanalira, ndinapita, Bambo akwinya mphuno. Akuti, "Ndani wasiya nsomba panja pa firiji?" Chiganizo chathunthu, chaukali, cha mkulu wa khitchini. Ndinachita kuthawira kubafa kukasekera.

Loweruka, 8 Juni

Madzi apsa. Mawu anga amenewo, Chindevu amati "akhazikika". Zoyezera zonse zikuonetsa bwino. Chindevu anayang'ana kabotolo ka madzi komwe ndinapita nako, n'kunena kuti ambiri amalephera pa kudikira, ine ndapambana. Ndinatuluka m'shopumo mapewa ali m'mwamba, ngati ndalandira digiri.

Ndagula nkhono zodya ndere. Tinsomba tiwiri ta olenji ta mizere yoyera. Timasambira mogwedeza thupi lonse ngati alamu akamalowa pa ukwati. Sindiwauza.

Nsapato za kuntchito zang'ambika kuchidendene. Zidikire.

Bambo ayi ndithu. A mafizo anabwera, anawaimiritsa, anangoti phazi limodzi, lachiwiri, basi, kubwerera pabedi. Bambo akuti kulibe koti apite. Mawu amenewo andilasa kuposa a alamu onse aja.

Loweruka, 15 Juni

Makorali! Ndawanyamula pamiyendo m'basi ngati makanda. Munthu ukawaona umati ndi maluwa, koma ndi tinyama, timatambasuka kukawala, timafota tikakwiya. Wapinki wa nthambi. Timaso tobiriwira tambirimbiri pamwala umodzi. Ndiye wamkulu uja, wa makwinya, wonyezimira pansi pa magetsi, amene ndamulota miyezi. Ndamutcha Mfumukazi.

Mfumukazi ndamuika pakona yomwe imaonekera kuchipinda. Ndine mwana wa munthu wochenjera.

Alamu sananene za miyala lero. Anangoti kukamwa yasa, kenako foni m'manja, kujambula, kutumizira anzawo aja. Ndinamva akuuza wina kuti, "Ndi kwa mlamu wanga kumeneko." Eya, tsopano ndine mlamu wawo.

Ndikupereka mankhwala, Bambo anafunsa osandiyang'ana. Akuti, "Kabichi uja wagula zingati?" Kabichi! Mfumukazi yanga! Koma ndiye kuti akuyang'ana.

Lachitatu, 26 Juni

Kuntchito moto. Mnzanga ali patchuthi, mzere mpaka panja, ndikufika kunyumba miyendo ili zii. Kudyetsa nsomba, kudyetsa Bambo, kugona.

Koma thanki yanga ndi yaulemu. Masiku onsewa madzi ali patepi penipeni, osatsika. Sindinathiremo ngakhale kapu. Chivundikiro chatsopano chomwe ndinagulira thanki chikugwira ntchito, ndinasankha bwino. Mchere sindinayeze, palibe chasintha.

Bambo akudya bwino masiku ano. Masana akuti amagona kwambiri. Kabelu sikakuliranso pafupipafupi.

Achimwene aimba. Akunyumba ya okalamba akufuna yankho. Achimwenewo abwera pa 13 Julayi ndi galimoto. Ndinangoti, tiona.

Lolemba, 1 Julayi

Mayo ine. Timaso tonse tatseka. Mfumukazi wafota ngati nsanza yonyowa. Wapinki wayera mbuu, nyama ikusupuka, kwatsala chigoba. Wafa. Tinsomba tikupuma mofulumira pakona.

Ndayeza mchere. Ndapukuta choyezera, ndayezanso. Wakwera koopsa. Ndatsegula chidebe cha mchere, watsika kwambiri, ine osautapa chiyambire mwezi watha.

Ndiye kuti wina wakhala akuthira madzi a mchere. Nanga m'nyumba muno masana mumakhala ndani? Ndawakalipira mayi wothandiza, mawu oipa, osayenera munthu wamkulu kuposa ine. Anangovula epuloni n'kuipinda bwinobwino. Akuti, "Ine chigalasi chanucho ndimachiopa, ngakhale kupukuta sindipukuta." Apita osatsanzika.

Chindevu akuti ndisatsitse mchere kamodzin'kamodzi, ndingamalize zotsalazo. Pang'onopang'ono, madzi osefa, masiku angapo. Ndayamba.

Ndalira. Chifukwa cha mwala wapinki, mkazi wamkulu ngati ine. Ndinkadzitama kuti sindinataye kanthu.

Lachinayi, 4 Julayi

Ndimakolopa kuseri kwa thanki. Chipande. Chachitsulo, cha chigwiriro chopindika, chomwe Bambo anabwera nacho kuchokera kusitima. Chimakhala m'sutikesi yawo, palibe amachigwira. Chayera ndi mchere.

Ndinalowa kuchipinda ngati ndikufuna makapu. Ali mtulo. Ndodo ili pomwe imakhala, koma fumbi palibe. Pogwirira pali timchere touma. Ndinanyambita chala. Inenso ndine mwana wawo.

Ndinakhala pansi m'khonde, chipande pamiyendo. Kukwiya kukubwera, chimwemwe chikubwera, zonse pakhomo limodzi. Kuchokera pabedi kukafika pathanki ndi mtunda kwa munthu wa mwendo umodzi wabwino. Ndiye kukhitchini kukatunga madzi. Ndiye kuwerama pachidebe.

Ndabwezera chipande pomwe ndinachipeza. Ndaimbira mayi wothandiza, ndapepesa mpaka mawu kutha. Akuti abwera mawa, koma ndiwagulire epuloni ina, yakale ija yamva zambiri.

Lachisanu, 5 Julayi

Ndanama kuntchito kuti dzino. Masana, mayi wothandiza atangoweruka, ine panja pakhonde, pazenera la pabalaza, kusuzumira pampata wa katani, ngati wakuba pakhomo panga pomwe.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Ndodo kaye. Kenako phazi labwino. Kenako linalo, lokokedwa. Pajama yakwinyika, tsitsi nyankhalala, koma nkhope ya munthu wopita kuntchito. Anapuma pampando wa patebulo. Anapumanso pasofa. Anafika.

Anayang'ana tepi, n'kupukusa mutu ngati apeza wophunzira wasiya mphika. Ulendo wa kukhitchini, jagi m'dzanja lodwala lija, lomwe a mafizo amachita kulipempha kuti lifumbate. Chipande m'chidebe. Kutakasa. Kachala m'jagi, pakamwa. Kuwonjezera pang'ono. Kachala kachiwiri. Kugwedeza mutu.

Ndinagogoda pagalasi la zenera asanathire. Anadzidzimuka, madzi pang'ono pansi, koma sanagwe. Tinayang'anana. Akuti, "Sukuyenera kukhala kuntchito iwe?"

Anthu inu. Bambo anga ali chiimire pabalaza, akundikalipira. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero, ngakhale Mfumukazi.

Loweruka, 6 Julayi

Ndinaopa kuwauza. Munthu wangodzuka kumene, ndimuuze kuti ntchito yake ndi imene yapha korali, abwerere pabedi mpaka kalekale? Koma kunama sindikanatha, anaona okha chigoba choyera chija.

Akuti ankaona madzi akutsika, ine ndili wotopa, ndiye anati athandize. Akuti nyanja ndi ya mchere, sungathiremo madzi opanda mchere ngati a m'botolo. Ankalawa za m'thanki, n'kusakaniza zofanana ndendende. Lilime lawo silinalakwe, ndayeza za m'jagi, zinali bwino kuposa zanga.

Ndinafotokoza za tepi, za madzi ouluka, mchere wotsala. Anayang'ana jagi yawo. Kenako anadzimenya pachipumi ndi dzanja labwino. Akuti, "Msuzi ukaphwera umathira madzi, suthira mchere. Ndaphikira anthu moyo wanga wonse, ine chitsiru!"

Anapepesa kwa wapinki, osati kwa ine. Anafunsa ngati Kabichi achira. Ndinati sindikudziwa. Akuti ndiye ntchito ya madzi ndi yawo kuyambira lero, chifukwa ine ndimaiwala kuyeza.

Jagi yawo ndailemba kuti MADZI OKHA. Chidebe cha mchere ndakweza pamwamba pa kabati.

Lachitatu, 10 Julayi

Mchere wabwerera m'malo. Timaso tobiriwira tayamba kusuzumira. Tinsomba tayambiranso mayendedwe a alamu. Kabichi yekha adakali chofota. Taonani, nanenso ndayamba kumutcha Kabichi.

A mafizo anawapeza pabalaza, ali pampando pafupi ndi galasi, akulangiza nkhono njira. Anandiyang'ana, ndinangokweza mapewa. Ndimafuna kunena kuti ndi nzeru zanga, za kona ija. Mwina theka.

Achimwene sindinawauze kanthu. Adzaone okha.

Loweruka, 13 Julayi

Abwera, galimoto, alamu, sutikesi yopanda kanthu yolongeramo zovala za Bambo. Anagogoda. Ine ndinakhala phee kukhitchini, dala. Anagogodanso. Ndiye ndodo, go, go, go, m'khonde.

Nkhope ya achimwene chitseko chitatseguka, ndidzaikumbuka mpaka kumanda. Bambo atavala malaya oyera, jagi m'manja. Akuti, "Lowa msanga, ukulowetsa fumbi. Ndipo usagwire galasi." Achimwene, mwamuna wamkulu wa imvi zake, kulira ngati mwana pakhomo. Alamu anabweza sutikesi kugalimoto mwakachetechete, osauzidwa.

Achimwene akuti tikambiranabe za masana, pakhale munthu mpaka ndiziweruka. Ndavomera. Za kunyumba ya okalamba sanazitchulenso.

Pochoka achimwene anaima pathanki nthawi yaitali, n'kufunsa kuti zonsezi ndinapanga ndekha? Ndinati eya. Bambo akuti, "Ndi ine." Chabwino, tigawana.

Kabelu ndakapeza m'dirowa ya masipuni. Sindinakaikemo ine.

Mawa ndipite kwa Chindevu, mwina ali ndi wapinki wina wamng'ono. Nsapato zidikirenso. Ndiyeneranso kugula

Akundiitana. Ndi pakamwa, kuchokera pabalaza. Akuti ndithamange, Kabichi akutambasuka